Kamfuti ka m'bokosi la agogo

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale amene mumandilonjerabe pamsewu ngakhale ena mwa inu tsopano muli ndi mimba zazikulu kuposa yanga, ndakhala chete kwa nthawi ndithu. Lero ndati ndilembe nkhani imene ndinalonjeza anthu angapo mu staff room, chifukwa nthawi iliyonse ndikayamba kuifotokoza belu limalira ndisanafike ndi pakati pomwe.

Agogo anga aakazi, amayi awo a mayi anga, anatisiya mu Juni 2024 kwathu ku Kasungu. Anali okalamba zedi, moti maliro ake anthu ankalira pang'ono nkumakambanso nthabwala zawo. Patatha masiku angapo, azimayi anayamba kusesa m'nyumba ndi kugawa zovala. Pansi pa bedi panali bokosi lachitsulo lobiriwira limene tonsefe tinakula tikuliona koma palibe anaonapo m'kati mwake. Linali la agogo aamuna, amene anamwalira mu 1991, ndipo kiyi wake ankakhala pa chingwe chimene agogo aakazi ankamanga m'chiuno pamodzi ndi kathumba ka ndalama.

M'bokosimo munali jekete lodyedwa ndi njenjete, Buku Lopatulika lopanda chikuto, malisiti akale a msonkho, chithunzi chimodzi, ndi sokisi yakuda yomangidwa mfundo yonunkha mafuta a makina osokera. Mchemwali wanga ndiye anamasula mfundoyo. Poyamba ankayesa ndi chotsegulira mabotolo. Atakatembenuza nkuona kampaipi kali ndi bowo, anakaponya pa mphasa nkuthawira panja akukuwa. Kanali kamfuti ka m'manja, ka mtundu uja Angerezi amati revolver, kakang'ono koti mutha kukabisa konse m'chikhatho. Pambali pake panali bokosi la machesi lokhala ndi zipolopolo ziwiri zazitali koma zoonda ngati bolopeni, zitachita ndere yobiriwira.

Amalume anga, amene ndiwo mwini mbumba, anangokatola nkukaika m'thumba la malaya ngati ndi foni. Madzulo ake anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mphwanga, amayi atisiyira chuma. Iyi ndi mfuti ya ku Burma. Akulu awo a bambo anabwera nayo ku nkhondo nkuwasiyira bambo. Azungu amazifuna zimenezi. Chiliza cha amayi chapezeka, feteleza wa chaka chino wapezekanso."

Musawaseke amalume. Ndalama ya kwacha inali itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti ndi feteleza unali utakwera koopsa, ndipo maliro anali atatipukuta tonse. Komanso kumudzi nkhani za zinthu zakale zolemeretsa munthu usiku umodzi sizisowa. Nonse munamvapo za simbi ya makala yokhala ndi tambala pamwamba, kapena makobidi obowola pakati. Aliyense amadziwa munthu amene amadziwa munthu amene anagula galimoto ndi simbi.

Koma ine ndimaphunzitsa History, ndipo mawu akuti Burma anandivuta nthawi yomweyo. Nzoona kuti akulu awo a agogo anali msilikali wa King's African Rifles, ndipo nzoona kuti asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 pansi pa 11th East African Division, m'chigwa cha Kabaw. Koma msilikali wamba ankanyamula mfuti yaitali ya Lee-Enfield .303. Mfuti za m'manja zinali makamaka za mabwana, ndipo zinali zazikulu, zolemera, za Webley kapena Enfield, zodindidwa chizindikiro cha boma la Britain chooneka ngati phazi la nkhuku. Kathu aka kanalibe phazi la nkhuku, ndipo munthu wopita nako ku nkhalango za Burma akanangoseketsa Ajapani.

Sindinanene zimenezi tsiku limenelo. Munthu sutsutsa malume wako pa maliro a mayi ake. Ndinangopempha zinthu ziwiri. Choyamba, andipatse masabata awiri ndifufuze kuti tisagulitse motchipa chinthu chodula, ndipo mawu amenewa anawakonda. Chachiwiri, asakakweche. Anali atatuma kale mwana kukagula sitiliwulo kuti kawale ngati poto. Ndinawauza kuti anthu osonkhanitsa zinthu zakale amafuna chinthu chili ndi khungu lake loyambirira, ndipo ukachikwecha wafufuta zilembo komanso wafufuta mtengo. Tinayang'anitsa kampaipi pansi, tinasuzumira chammbali m'mabowo nkuona kuwala m'onsemo, kenako tinakabwezera m'bokosi nkukhoma. Zipolopolo zija tinaika kwina.

Loweruka lotsatira ndinabwerera kumudzi nditabwereka vernier callipers ndi kagalasi kokulitsira zinthu kwa mnzanga wa Physics. Ahedi, ngati mukuwerenga, dziwani kuti zida ndi zimene zinapita kumudzi, kamfutiko sikanaponde pasukulu, ndipo zida zanu ndinabweza zonse.

Kamfuti konse kutalika kwake kanali masentimita 12 ndi pang'ono. Kampaipi kanali masentimita 4. Bowo lake linangopitirira pang'ono mamilimita 5.5. Kachitsulo kozungulira kamene kamasunga zipolopolo kanali ndi mabowo 5, ndipo kanali kakatali modabwitsa poyerekeza ndi msinkhu wa kamfutiko. Kokokera ndi chala kanali kopinda, kogona pansi pa thupi la mfuti, ndipo kanalibe mkombero wotchinga monga timaonera m'mafilimu. Kanyundo komenya chipolopolo sikankaoneka, kanabisika m'kati mwa kalinunda kumbuyo. Chilichonse chinapangidwa kuti chisakole m'thumba.

Chimene chinanditsegula maso ndi zizindikiro. Ndi maso okha zinkaoneka ngati mabala a dzimbiri, koma pa kagalasi zinatuluka bwinobwino, ndipo ndinazijambula m'kope langa la mapulani a phunziro. Kumbuyo kwa kachitsulo kozungulira kunali kamzere kozungulira ngati dzira, m'kati mwake muli zilembo E, L ndi G ndi kanyenyezi, pamwamba pake pali chisoti chachifumu. Pa kampaipi panali chilembo R chovalanso chisoti, kanyenyezi pamwamba pa chilembo china, ndi kanyama koimirira ndi miyendo iwiri pamwamba pa zilembo PV. Dzina la amene anakapanga panalibe paliponse. Ndinafufuza mpaka pansi pa chigwiriro.

Ndinagula bandulo ndi kukhala pa intaneti mausiku atatu, mayi a kunyumba akudandaula kuti ndakwatira foni. Zilembo za ELG zimaimira Épreuve de Liège, kutanthauza kuti mfuti inayesedwa mumzinda wa Liège ku Belgium. Mzinda umenewu wakhala ukupanga mfuti kwa zaka mazanamazana, ndipo kuyambira mu 1672 kunali lamulo loti mfuti iziyesedwa isanagulitsidwe. Kuyesako nkosavuta kumva. Amaiwombetsa ndi onga woposa muyeso wa masiku onse, ikapanda kuphulika amaidinda. Ndiye chidindocho chili ngati satifiketi ya MSCE, chimangonena kuti anakhoza mayeso, sichinena kuti makolo ake ndani.

Ubwino wake ngwakuti zidindo zinkasintha ndi zaka, choncho zimathandiza kudziwa msinkhu. Chisoti pamwamba pa dzira lija chinayamba mu 1893. Chilembo R chovala chisoti chinabwera mu 1894, ndipo chimasonyeza kuti m'kati mwa mpaipi muli mizere yopota imene imazunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika. Kanyenyezi ndi chilembo chake ndi chizindikiro cha munthu amene anayendera mfutiyo. Kanyama kaja ndi mkango, ndipo PV ndi poudre vive, onga wamakono wosafuka utsi wambiri, chidindo chimene chinayamba mu 1898. Apa ndinadziwa kuti kamfuti kathu nka ku Belgium ndipo sikanabadwe chisanafike chaka cha 1898.

Kusowa kwa dzina nakonso kuli ndi chifukwa chake. Ku Liège ntchito yambiri inkachitikira m'makomo. Banja ili limapanga mipaipi, lina zigwiriro, lina timasipuling'i, ndipo wamalonda amasonkhanitsa zonse nkulumikiza. Fakitale yaikulu ya FN inakhazikitsidwa ku Herstal pafupi pomwepo mu 1889, koma amisiri a m'makomo anapitirizabe kutulutsa timfuti totchipa tambirimbiri topanda dzina, togulitsidwa m'masitolo ndi m'makatalogi. Zinandikumbutsa amisiri a ndowa ndi mbaula pamsika. Ndowa ndi yabwino ndithu, koma palibe amalembapo dzina.

Tsopano mtundu wake. Nditaphatikiza bowo la mamilimita 5.5, kachitsulo kozungulira kakatali, zipolopolo zoonda za pafupifupi masentimita 3 chikhokhombe chokha, ndi kokokera kopinda, dzina linatuluka limodzi lokha: Velo-Dog. Ndinaseka ndekha pakati pa usiku. Vélo pa Chifalansa ndi njinga, dog nonse mukumudziwa. Kampani ya Galand ya ku Paris inatulutsa mtundu umenewu mu 1894 kuti anthu opalasa njinga azidziteteza kwa agalu a m'midzi amene ankawathamangitsa. Amisiri a ku Liège ndi a ku Eibar ku Spain anakopera nkupanga zochuluka. Kunalinso zipolopolo zina zothiramo tsabola kuti galu angomva kuwawa osafa. Mfuti ya nkhondo ya amalume inali yoopsezera agalu.

Apa mphunzitsi wa History sangadutse osaima. Njinga monga tikuidziwa lero, ya mawilo awiri ofanana ndi tcheni, inatchuka ndi Rover ya John Kemp Starley ku Coventry mu 1885. Mu 1888 John Boyd Dunlop anabweretsa tayala lopopa mpweya, ndipo m'zaka za m'ma 1890 ku Ulaya aliyense ankafuna njinga. Matayala amafuna mphira. Mbali ina ya mphira umenewo inkachokera ku Congo Free State, dziko limene Mfumu Leopold II ya ku Belgium inalitenga ngati munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908, kumene anthu ankakakamizidwa kukatapa mphira m'nkhalango, midzi yolephera kukwanitsa muyeso nkumaotchedwa, anthu kuphedwa ndi kudulidwa manja. Ana anga a Fomu 3 amene munkagona ndikamaphunzitsa za msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, ndimanena zimenezi. Njinga imene inabala kamfuti aka ndi yomweyo inakulitsa njala ya mphira wa ku Congo. Ndipo Congo ndi kumene agogo anga aamuna anakagwira ntchito.

Chithunzi chija cha m'bokosi ndinali nditachinyalanyaza. Chikuonetsa agogo ali mnyamata, atavala epuloni yoyera ndi kachipewa ka kuki, ataima chilili ngati msilikali. Kumbuyo kwake kuli chidindo chofufutika koma mawu akuti Elisabethville akuwerengeka. Umenewu ndi mzinda wa Lubumbashi, umene unasinthidwa dzina mu 1966. Timakonda kukamba za makolo athu opita ku Joni ndi ku Salisbury, koma analiponso opita ku Katanga, kumene kampani ya migodi ya mkuwa ya Union Minière, yokhazikitsidwa mu 1906, inakoka anthu ochokera m'maiko oyandikana, ena ku mgodi, ena ukalaliki, ena kuphika m'nyumba za azungu.

Ndinapita kwa mayi anga ndi chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiuza zimene agogo aakazi anawanong'oneza kalekale nkuwalumbiritsa kuti asauze amuna a m'banjamo. Congo italandira ufulu pa 30 Juni 1960, asilikali anaukira patangopita masiku ochepa, Katanga inadzipatula pa 11 Julaye pansi pa Moïse Tshombe, ndipo azungu ambiri anathawira ku Northern Rhodesia. Banja limene agogo ankaliphikira linathawa nawo pa galimoto kulowera ku Ndola. Asanafike pa chipata, dona anatulutsa kamfutiko m'chikwama chake cha m'manja nkuwapatsa agogo kuti akakataye kutchire. Agogo anapita kutchire, anabwerako kali mu sokisi. Malipiro a mwezi womaliza sanalandire, ndiye mwina anati awa ndiwo malipiro anga. Anakasunga zaka 31 osakawombako, akumakapaka mafuta a makina, ndipo akazi awo anakasunga zaka zina 33 pansi pa bedi limene zidzukulu tonse tinagonapo.

Kudziwa dzina kunali kosangalatsa. Kudziwa mtengo ndiye kunandibweretsera mavuto. Anthu osonkhanitsa mfuti zakale amayang'ana dzina la wopanga, kusowa kwa mtunduwo, mmene chinthucho chasungikira, ndi mapepala osonyeza kuti chinali cha ndani. Colt kapena Smith & Wesson yakale yosungika bwino, yokhala ndi kalata ya kufakitale, imagulidwa ndalama zambiri. Mbiri yokha ikhoza kukweza chinthu wamba. Mfuti imene Leon Czolgosz anaphera Pulezidenti William McKinley wa ku America mu 1901 inali Iver Johnson .32 yotchipa, koma lero ili mu myuziyamu ku Buffalo chifukwa cha dzanja limene linaigwira. Kathu kanagwa pa mayeso onse. Dzina kalibe. Kusowa sikosowa, ku Ulaya tili mbwee m'madirowa a agogo a anthu ena. Mtundu wakuda wonyezimira unatha, dzimbiri linadya mbali imodzi, chigwiriro chinang'aluka. Mbiri yake ndi ya dona wosadziwika ndi kuki wa ku Kasungu, yofunika kwa ife koma yosalembedwa paliponse. Timfuti totere timene ndinaona tikugulitsidwa kunja mitengo yake inali pakati pa madola 100 ndi 300, ndipo tambiri tinali tooneka bwino kuposa kathu.

Ngakhale madola amenewo sitikanawagwira. Kuno kwathu lamulo la Firearms Act silola munthu kusunga kapena kugulitsa mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, ndipo mfuti siichoka m'dziko ngati chiboliboli. Ife chilolezo tinalibe. Kunena zoona, kuyambira tsiku limene tinatsegula bokosi lija tinali pa mlandu, ine wa callipers ndi kope ndili patsogolo.

Nditabwerera kumudzi ndi zonsezi, ndinapeza amalume atathamanga kale. Nkhani inali itafika pa trading centre, ndipo munthu wina amene amati amagula zinthu zakale anali atabwera kawiri panjinga yamoto nkulonjeza K400,000. Ndinawerengera mwachangu nkuona kuti ndalama imeneyi ikufanana ndi imene mzungu wosonkhanitsa angapereke pa kamfuti kosungika bwino. Ndinafunsa amalume kuti munthuyo anafunsa chiyani. Kodi anafunsa dziko limene kanapangidwa? Chaka? Anapempha kuona zidindo? Ayi. Anangofunsa kuti, "Kodi ikulira?" ndiponso ngati zipolopolo zilipo.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amalume awiri, mayi anga, amayi aang'ono ndi ine. Ndinafotokoza zonse, za Liège, za agalu, za mtengo. Pa za agalu amayi aang'ono anaseka mpaka misozi, ndipo ndikuganiza kuti kusekako ndi kumene kunawapsetsa mtima amalume kuposa china chilichonse.

"Aphunzitsi, sukulu yakupusitsani. Mwanena nokha kuti ndi ya agalu, mwanena nokha kuti zipolopolo zake sizipezeka. Ndiye ipha ndani? Tingotenga ndalama ya munthu wopusayo, amayi agone pabwino."

Mfundo yawo sinali yopanda nzeru, ndipo ndinakhala kaye chete. Kenako ndinati, "Amalume, mtsikana amene amakhala m'kakontena ka ndalama za pafoni pa trading paja, akamulozetsa kamfuti aka madzulo, sadzatenga callipers kuyeza bowo. Adzapereka zonse. Ndipo tsiku limene adzagwidwe munthuyo, funso loyamba lidzakhala lakuti anakatenga kuti. Adzatchula mudzi uno ndi dzina lanu." Ndinawonjezanso kuti kamfuti kakang'ono si chidole. Chipolopolo chotha kugwetsa galu chikhoza kupha mwana, ndipo chitsulo cha zaka zoposa 100 chodyedwa ndi dzimbiri chikhoza kuphulikira m'manja mwa wowombayo.

Amalume anati ine ndili ndi malipiro a pamwezi ndiye nkosavuta kuti ndikane K400,000 ya anthu ena. Apa anandilasa, chifukwa zinali zoona. Amene anathetsa nkhani ndi mayi anga, amene pamisonkhano ya banja sayankhula kawirikawiri. Anati, "Achimwene, amayi anakhala nako zaka zonsezi, njala ya 2002 inawapeza nako, sanakagulitse. Mukufuna chiliza chawo chimangidwe ndi chimene iwo anakana?" Palibe anayankha. Ine, pofuna kutseka pakamwa pa amalume komanso pochita manyazi, ndinalonjeza kuti simenti yonse ya chiliza ndigula ndine. Ngongole imeneyo ndinakatenga ku SACCO ndipo inandidya miyezi 10.

Ndivomere chinthu chimodzi chimene sindinanene pansi pa mango paja. Inenso sindinkafuna kuti kapite. Ndinkalota ndikukaika mu kabokosi ka galasi, ndikukaonetsa ana a Fomu 3 pophunzitsa za Leopold. Kwa masiku awiri ndinkadzinamiza kuti mwina pali njira. Ndinaimbira foni mwana wanga wina wakale amene tsopano ndi wapolisi, uja ankakhala kumbuyo nkumajambula magalimoto m'kope la History. Anandimvetsera mpaka kumapeto mwaulemu, kenako anati, "Aphunzitsi, musakwere nako minibasi, pa roadblock simudzapeza nthawi yofotokoza za Belgium. Uzani amfumu alembe kalata, dziwitsani polisi ya kufupi ndi kwanuko musananyamuke, ndipo mukapereka mupemphe kapepala kosonyeza kuti mwapereka." Mwana amene ndinkamukalipira chifukwa chosalemba manotsi ndiye ankandiuza pang'onopang'ono kuti ndilembe.

Tinachita momwemo. Amfumu analemba kalata yofotokoza kuti kanapezeka m'katundu wa malemu, ndipo Lachiwiri m'mawa tinapita atatu, ine, amalume ndi nduna ya amfumu. Ndisanakakulunge ndinakajambula ndi foni mbali zonse, ndi chidindo chilichonse pachokha. Apolisi anatilandira bwino. Anakazungulira anthu anayi, wina nkufunsa ngati si choyatsira fodya. Amene ankalemba m'buku anafunsa mtundu wa mfuti, ine nkuyamba za Galand ndi 1894, iye nkundidula mwaulemu kuti ndingomutchulira zilembo za Velo-Dog chimodzichimodzi. Zipolopolo ziwiri zija analemba pamzere wake. Sokisi anatibwezera.

Pobwerera tinakwera kabaza, amalume patsogolo ine pambuyo. Titangodutsa pa dambo, galu wamkulu wofiira anatuluka pa nyumba ina nkuyamba kuthamangitsa njinga ya amalume, akulumpha kufuna kugwira mwendo wa buluku. Wakabaza ankapalasa ndi mphamvu zonse, amalume atakweza miyendo m'mwamba. Galuyo atatopa nkubwerera, amalume, amene sanandiyankhule kuyambira m'mawa, anatembenuka nkukuwa kuti, "Mwaona aphunzitsi? Ntchito yake inali imeneyi, inu mwakapereka!"